Khansala Analira Munthu Wamoyo

Foni inalira Khansala Robert Kampanje ali pakhonde la golosale yake ku Namitete. "Bwana, kwa aphunzitsi a Mkanthama ku Kabudula kwagwa zovuta. Mwambo ndi lero lomwe." Robert sanadikire mawu ena. Anadula foni, nagwira pamtima.

Aphunzitsi a Laison Mkanthama, mkulu wa mpingo, anali atabindikira m'chipatala mwezi wathunthu. Nanga winanso ndani akanatsikira kuli chete pakhomo paja? Ndipo panali chinsinsi chimene chinkamuwotcha Robert ngati khala: anali pachibwenzi ndi Lidiya, mwana womaliza wa aphunzitsiwo. Mtsikanayo anamulumbiritsa kuti asatulutse mawu mpaka bambo ake atachira, pakuti mkuluyo ankati wandale ndi ng'oma, phokoso lambiri m'kati mulibe kanthu.

"Achimwene, tikafika tiyambe takhala pansi, eni ake atifotokozere maliro," anatero Caleb, mng'ono wake, amene ankayendetsa galimoto. "Foni ya alamu a Lidiya yathima. Mwafunsa ndani kuti wamwalira ndi uje?"

"Iwe yang'ana maenjewo. Ndifunsenso chiyani? Mtima wandiuza kale."

Anafika zolankhula zitayamba. Bambo wina anabwera mowerama kuti awatengere pambali, monga amachitira ndi mlendo aliyense pamaliro, koma Robert anangomukupizira dzanja. Woyendetsa mwambo atamuona anati, "A Khansala afika, atipepese."

Kulankhula, Robert anali nayo mphatso. Anaima pafupi ndi bokosi. "Abale anga, mkuyu wagwa! Aphunzitsi a Laison Mkanthama atisiya. Munthu amene choko chinamudya zala kuti ana a Kabudula adziwe kulemba mayina awo!"

Anthu anayamba kung'ung'udza, iye n'kumayesa kuti mawu ake awalasa. Amayi anaphimba pakamwa ndi zitenje. Pakati pawo anaona Lidiya, maso ali tong'o, akupukusa mutu. Chisoni cha mtsikanayo, monga anaganizira iye, chinamuthyola mtima, ndipo lumbiro lija linasungunuka.

"Ndiulule lero, pakuti akufa sabisiridwa. Ndinkadikira kuti bambowa achire, ndidzapemphe mwana wawo Lidiya. Apita osamva pempho langa!"

Kumbali ya abambo kunamveka kutsokomola. Munthu wowonda, wofunda bulangeti, anadzuka pang'onopang'ono atatsamira ndodo.

"A Khansala, ndalimva pempholo. Ndili pano. Ali m'bokosimo ndi achimwene anga a Ishmael. Anagwa kudimba dzana."

Kenaka mmodzi wa adzukulu okumba manda anapanikiza phwete mpaka linamupulumuka. Robert anacheuka. Galimoto inali pafupi, Caleb atatsekula kale chitseko, ndipo wina aliyense akanathawiramo.

Koma Robert anavula jekete. Anagwada m'fumbi ndi thalauzi lake la suti, nayenda chogwada mpaka pamene panakhala a Joyce, namfedwa.

"Mayi, ndalira munthu wamoyo pamaliro a amuna anu. Ndachita manyazi, ndipo ndawachititsa manyazi iwo. Ndinayenera kufunsa. Ndikufunsa tsopano: anali munthu wotani?"

A Joyce anadzutsa mutu. "Sankadziwa kulemba," anatero motsitsa. "Koma ana a matenanti akamadutsa kudimba, sankapita chimanjamanja. Nzimbe, matimati, chilichonse."

Robert anadzuka n'kubwereza mawu omwewo kwa khamulo, osawonjezerapo mchere. Kumbuyo, kumene kunakhala matenanti a ku esiteti ya fodya, kunabuka kulira kwenikweni. Atatha anasenza nawo bokosi, ndipo kumanda anapempha khasu.

"Kwirirani bwino, bwana," anamunyogodola mdzukulu uja. "Mungatidzutsirenso ameneyu."

Anthu akubalalika, aphunzitsi anamukodola ndi ndodo. Lidiya anali kuseri kwa nkhokwe, akunamizira kutsuka mbale.

"Ndi ochepa amamva zimene zidzanenedwe pamaliro awo," anatero mkuluyo. "Munakokomeza, koma pang'ono. Zimene zandigwira mtima si zimenezo ayi, koma mawondo anuwo. Ng'oma sigwada."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Za mwanayu si ine wofunsidwa. Atsibweni ake ali ku Msundwe. Tumani ankhoswe, koma chonde afunse njira. Ana aakazi ndili nawo atatu, angakubweretsereni wina."

Mbale inagwa kuseri kwa nkhokwe kuja.

Ukwati unachitika fodya atagulitsidwa. Koma mpaka lero Robert akaimirira pamsonkhano, pamapezeka wina wofuula kumbuyo kuti, "A Khansala, tonse tili moyo!" Iye amaseka nawo, n'kuyamba ndi kufunsa eni mudzi chimene chawasonkhanitsa. Amadziwa kukoma kwa chimene anatafuna tsiku lija, pakuti akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.