Mvuu, Gologolo ndi soketi ya mu mlambe

Kalekale, magetsi asanafalikire kuthengo, padangokhala Gologolo ndi Mvuu. Ana inu vomerani kuti tili tonse, ndipo akuluakulu kumbuyoko ikani kaye mafoniwo m'matumba, ine sindibwereza.

Pamsika wa nyama panali mlambe wamphako, ndipo m'mphakomo munali soketi imodzi yokha m'thengo lonselo. Mmenemo ndi mmene Gologolo ankataipira nyama makalata pa kompyuta yake yakale. Mmenemonso ndi mmene ankagona ndi ana ake asanu.

Tsono kompyuta iliyonse ili ndi mtima wake m'kati, umene amati sisitimu, ndipo ndiwo umalamula zonse. Ya Gologolo inkatchedwa Chimwala. Sikirini yakuda bii, chithunzi palibe, moni palibe. Ukafuna kanthu unkachita kulemba lamulo lonse, ukaiwala kadontho kamodzi inkangoyankha kuti sindikudziwa. Yamwano, yaliuma, yotopetsa. Koma chiigulireni inali isanaimepo pakati pa ntchito.

Tsiku lina Mvuu anabwera kuchokera kutauni atasenza kompyuta yatsopano. Sisitimu yake inkatchedwa Nyezinyezi. Imeneyo ukangoyatsa inkaimba kanyimbo, maluwa pasikirini, tizithunzi ndandanda. Ngakhale Mvuu ndi zala zake ngati minsi ankangodina kamodzi, kalata balamanthu.

Mvuu anali ndi dambo, anali ndi mtsinje, anali ndi dimba. Koma ataona soketi ija anaifunanso. Anapita kwa Nyani, wapampando wa komiti ya msika, atanyamula dengu la mango, nakanena kuti makina a Gologolo akuchititsa manyazi msika wonse.

Nyani anadya mangowo, nagamula kuti pakhale mpikisano. Mbawala ankafuna kalata yoitanira abale ku chinkhoswe cha mwana wake, ndipo Njiwa wamtengatenga ankanyamuka dzuwa likafika pamutu. Amene ayambe kupereka kalatayo kwa Njiwa, mphako ndi yake. Wolephera asamuke pamsikapo tsiku lomwelo.

Gologolo mtima unamuwawa kwambiri, poti ankadziwa kuti pa liwiro sangalimbane ndi Nyezinyezi. Koma ali mnyamata anagwirapo ntchito kutauni, ndipo matenda a sisitimu imeneyo ankawadziwa. Matenda a Mvuu ankawadziwanso.

M'mawa mwake Gologolo anakoka chingwe chachitali kuti onse awiri akwane pa soketiyo. Nyama zitasonkhana, anapita kwa Mvuu akuwomba m'manja.

"Akuluakulu, mwapambana kale, ine ndikudziwa. Ndingopempha chimodzi. Pakatuluka kabokosi konena kuti kwabwera zatsopano zaulere, musazitenge. Mundisiyire, ndipezeko poyambira ndi anawa."

"Zaulere? Zingati?" anafunsa Mvuu.

"Zambiri, akuluakulu. Nokha simungazithe."

"Iwe mphwanga, chilipo chimene ine sindingathe?"

Gologolo anangobwerera pampando pake.

Nyani anaimba likhweru. Mvuu dinu, dinu, dinu, kalata yatha, m'mbali mwake maluwa okhaokha. Kunangotsala kusindikiza basi. Uku Gologolo anali akadali pa moni. Go go go, Chimwala ikuti sindikudziwa. Go go go, sindikudziwa. Katatu konse, chifukwa cha kadontho. Ine makina amenewo ndinawagwirapo, ndipo ndikukuuzani kuti munthu umafuna kuwaponya kudzala.

Pomwepo pa sikirini ya Mvuu kabokosi kaja tulukiru. Kwabwera zatsopano, mukuzifuna? Mvuu anayang'ana Gologolo, naseka mpaka mimba gwedegwede. Dinu. Kabokosi kanafunsanso ngati akufuna zina kapena zonse. Funso lotani limenelo kwa Mvuu? Dinu, zonse.

Maluwa aja zii. Kalata ija zii. Panangotsala mawu awiri: Dikirani. Musazimitse. Pansi pake kagudumu zunguli zunguli, ndi kanambala koyenera kufika pa handiredi. Kanali pa wani.

Mvuu anadikira. Kanafika pa thuu. Anainyengerera, anaikalipira, anaimenya khofi pambali. Kanambala kanakwawa mpaka sate, kompyuta inazima yokha, inayaka yokha, inaimba kanyimbo kake kaja, kenaka inayambiranso pa wani. Mvuu anafunsa Nyani ngati dzuwa lingaimitsidwe pang'ono. Nyani anayang'ana kumbali.

Musaganize kuti kwa Gologolo kunali mtendere. Kalata anamaliza, koma poti asindikize, Chimwala inati pulinta siikuidziwa. Pulinta yoti akhala nayo patebulo limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Gologolo anakokera mpando pafupi. Analemba lamulo lalitali, linakanidwa. Analembanso, linakanidwanso. Njiwa anali atayamba kale kutambasula mapiko. Kachitatu pulinta inatsokomola, kwii kwii kwii, pepala linatuluka. Kalata youma, yopanda ndi duwa limodzi lomwe, koma mayina onse ndi tsiku la chinkhoswe zinalimo.

Njiwa anaitenga, nauluka. Ana a Gologolo, amene anali atamanga kale mitolo yawo, anayamba kumasula.

Nyani anakanda m'mutu, koma nyama zonse zinaona ndi maso, ndiye anagamula kuti mphako ndi ya Gologolo. Mvuu asamuke.

Koma asamuka bwanji, makina akuti musazimitse? Gologolo anamumvera chisoni, namubwereka chingwe chija kuti achikokere mpaka kumtsinje.

"Musadandaule, akuluakulu," anatero Gologolo. "Zonsezo ndi zanu. Zikatha mundiuze."

Mvuu anaika kompyuta pagombe, nalowa m'madzi kuti mtima uzizire, maso okha kunja. Kanambala kanafika pa nainte naini, nkuima pomwepo. Mpaka lero mukamuona Mvuu wangoti maso tuzu pamwamba pa madzi, kenaka kukamwa yasa, si tulo ayi. Akudikira.

Tsono wina andifunsa kuti sisitimu yabwino ndi iti. Zonse ziwiri nzosowetsa mtendere. Ina imakusekerera nkukugwetsa, ina siigwa koma imakulankhula ngati unaibera mbuzi. Gwirani imene mukudziwa matenda ake, ndipo kabokosi kakakulonjezani zaulere, yambani mwasindikiza kalata.

Nthano yanga yazimira pamenepa, ndipo aliyense asandiuze kuti ndiiyatsenso.