Mankhwala a M'munda wa Najere

Panali bambo wina, dzina lake Kamtedza, amene munda wake unkachita malire ndi wa mlamu wake Najere, mkazi wamasiye wa mkulu wake. Kamtedza sankakhulupirira munthu. Ngakhale nkhuku yake ikachedwa kulowa m'khola, ankati ilipo nyumba imene yainyengerera.

Chaka chilichonse akakolola, Kamtedza ankaunjika mapesi n'kuwatentha kuti munda uyere. Najere anali atasiya zimenezo. Iye ankayala mapesi pansi, munda wonse n'kumaoneka ngati mphasa yakutha, ndipo mvula ikagwa ankangobzala m'timayenje. Anthu ankamuseka kuti umasiye wamupatsa ulesi.

Chaka china kunachita ng'amba chimanga chili m'mawondo. Cha Kamtedza chinapota masamba ngati anyezi. Cha Najere, kungodumpha malire, chinali chobiriwira.

Kamtedza mtima unamuwawa, chifukwa nkhokwe yake inali itauma kale ndipo ana ake ankadalira munda wakewo. Anayamba kudzifunsa. Dzuwa si lomweli? Mbewu si tinagula sitolo imodzi? Nanga mayiyu akubisanji pansi pa zinyalalazi? Anatsimikiza kuti mlamu wakeyo akukawa chimanga chake ndi mankhwala, ndipo nyanga yake ili pansi pa mapesi. Kufunsa sanafunse. Ankati kufunsa mfiti n'kuichenjeza.

Tsiku lina Najere atapita kumaliro kutsidya, Kamtedza analowa m'mundamo. Anafukula mapesi onse a m'mbali mwa malire, n'kumawaponya kumbuyo, m'mizere yake yomwe. Anapeza nyongolotsi, chiswe ndi dothi lozizira. Nyanga sanaipeze. Anabwerera kwawo akung'ung'udza kuti mayiyo ngwochenjera, anaikwirira mozama.

Kenako kunagwa kamvula kowaza, dzuwa n'kubwereranso ndi ukali wake. Chimanga cha Najere, pamalo pomwe anafukula paja, chinafota. Koma mizere ya Kamtedza imene inagweredwa mapesi inadzuka, yokhayo m'munda monse.

Najere anamupeza ataima pamalirepo, akuyang'ana uku ndi uku. Zinamupweteka mayiyo, pakuti mapazi a mlamu wake anali atawazindikira kale, koma sanakalipe. Kamtedza, pofuna kubisa manyazi, ndiye anayamba kulankhula.

"Ndaona tsopano, alamu. Mankhwala anu ali m'mapesimu."

"Ali momwemo ndithu," anayankha Najere. "Ndipo anu, alamu, anali ambiri kuposa anga. Munawatentha nokha, ana anu akukuthandizani kukoleza."

Chaka chimenecho Kamtedza anakolola mizere ya m'malire yokhayo. Ana ake anatha miyezi ya njala akudyera pakhomo pa mayi yemwe bambo wawo ankamuyesa mfiti.

Inu mukundimvanu, nyengo yasintha, ndipo mvula ya masiku ano imagwa ngati yobwereka. Utsi umene timafukiza m'minda tikakolola umakwera kukawonjezera kutentha komwe tikudandaulaku, nthaka n'kutsala yamaliseche. Mukaona munda wa mnzanu ukubiriwira wanu ukupsa, musathamangire kufuna nyanga. Safunsa anadya phula. Pitani masana, mwini wake alipo, mukamufunse. Ndipo chaka chino musanakweche machesi pa mulu wa mapesi, yang'anani kaye ana amene akukuthandizani kuunjikawo.