Mbuna ya Chidzanja

Ana inu mumamva akuluakulu akunena kuti mlandu suwola, ndipo ena mwa inu mumangobwereza mawuwo osadziwa kumene anachokera. Lero ndikuuzani, koma musayembekezere kuseka, chifukwa mawu amenewa sanabadwire pachisangalalo.

Kale, nguluwe zikadali kuvuta m'minda, m'mudzi wa Chinkhuti munali mlenje dzina lake Chidzanja. Iye sankasaka ndi uta koma ndi mbuna, maenje akuya ozikidwa zisonga pansi, ophimbidwa ndi timitengo, masamba ndi dothi pamwamba. Lamulo la mbuna ankalidziwa aliyense. Wokumba ankayenera kulengeza m'mudzi, kenaka n'kumanga mfundo paudzu wa m'mbali mwa njira kuti munthu aone n'kupatuka. Chidzanja ankati kutero n'kuitana akuba nyama. Choncho chaka china anakumba mbuna pafupi ndi kanjira ka kumasuku, osauza munthu.

M'mbunamo munagwa Tinyade, kamtsikana kosatha msinkhu, mwana yekhayo wa mayi wamasiye Nangondo. Chisonga chinalowa pabondo n'kutulukira kuseri. Anzake amene ankatola naye masuku anathamangira kumudzi akulira, ndipo amuna anakamutulutsa atakomoka. Sanafe. Koma bala litapola, mwendowo unatsala wopindika ndi wowonda, moti Tinyade ankayenda ndi ndodo. Kulima sankatha, mtsuko wa madzi sankausenza.

Nangondo anafuna chipepeso. Sikuti ankafuna kulemera ndi magazi a mwana wake ayi. Ankadziwa kuti tsiku lina iye adzapita, ndipo mkazi wosatha kugwira khasu adzafunika timbuzi kapena dimba lapafupi ndi madzi kuti asafe ndi njala. Vuto linali lakuti masiku amenewo mayi sankaimba yekha mlandu wa mwana pabwalo. Wouimba anali mwini mbumba, ndiye kuti malume a mwanayo, ndipo malume a Tinyade anali Gwaza, mlongo wake wa Nangondo.

Chidzanja ankazidziwa bwino zimenezi. Mbuna ija sanaikwirire n'komwe, ndipo pasanapite nthawi munagwa nguluwe yonona. Anadula ntchafu yathunthu n'kuitumiza kwa Gwaza. Gwaza anailandira ndi manja awiri, naidya ndi banja lake. Ine ndikafika pamenepa ndimapsa mtima, chifukwa munthu ameneyu ankadziwa kuti nyamayo yatuluka m'dzenje lomwe linalumaza mwana wa mlongo wake. Ankadziwanso kuti ukadya cha munthu amene ukufuna kumuimba mlandu, pakamwa pako patsekeka.

Kuyambira pamenepo Nangondo akafunsa za bwalo, Gwaza ankati adikire akolole. Akakolola ankati pali maliro. Maliro akatha ankati mvula yayandikira. Nangondo atatopa anapita yekha kwa Chidzanja, nagwada pakhomo ngati wolakwa ndiye.

"Mayi, mwana wanu ali ndi maso," anatero Chidzanja. "Ine ndinakumbira nguluwe."

Zaka zinapita. Anthu a m'mudzimo, amene poyamba ankadandaula nawo, anayamba kumuuza Nangondo kuti aiwale, madzi akatayika saoleka. N'zosavuta kulangiza choncho mwendo uli wa mwana wa mnzako. Nangondo anakalamba akulimira anthu awiri ndi khasu limodzi, mpaka anadwala chifuwa n'kumwalira. Gwaza nayenso anapita. Tinyade anatsala yekha m'kanyumba kodontha, akuumba miphika ali chokhala, n'kumasinthanitsa ndi chimanga. Miphika ikapanda kuyenda ankagona ndi njala.

Chidzanja anamwalira ali nkhalamba ya khola lodzaza mbuzi ndi dimba lalikulu kumtsinje. Wolowa dzina lake, ndi kutenga chuma chonse, anali Dzoole, mwana wa mlongo wake. Pa tsiku lometa anthu anasonkhana pansi pa mtengo, ndipo mkulu wina woyendetsa mwambowo anafunsa monga amafunsira nthawi zonse, kuti ngati alipo amene ali ndi nkhani ndi malemuyu anene pomwepo, chuma chisanagawidwe. Pa funso limeneli mpokhapo pamene aliyense ankaloledwa kudziyankhulira, mwamuna kaya mkazi, wa mwini mbumba kaya wopanda.

Tinyade anadzuka kumbuyo kwa amayi. Anali mkazi wamkulu tsopano, imvi zitayamba. Anayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo wake, mpaka anafika pakati. Anafotokoza nkhani yake mosakweza mawu, natchula amuna amene anamutulutsa m'dzenje. Ena mwa iwo anali pomwepo, ndipo anavomera atazolika.

Dzoole anayesa kukana. Anati iye panthawiyo anali asanabadwe, mbunayo inakwiririka kalekale, zisonga zinaola, ndipo mwini wake anali atamuika m'manda. Nkhani yakale chonchi, anatero, inaolera limodzi ndi zonsezo.

Tinyade anakweza nsalu yake pang'ono n'kuonetsa bondo lija.

"Zonsezo zaoladi," anatero. "Nanga mwendo uwu waola? Ine ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse."

Mkulu uja anatembenukira kwa Dzoole n'kumufunsa ngati mbuzi za amalume ake nazonso zinaola, pakuti zambiri zinagulidwa ndi nyama ya m'mbuna. Akuluakulu anapita pambali kukapangana, ndipo atabwerera anagamula kuti wolowa dzina amalowa ndi milandu yomwe ya dzinalo. Tinyade anapatsidwa dimba lija ndi gawo la mbuzi, ndipo Dzoole analamulidwa kumamulimira dimbalo masiku onse a moyo wa Tinyade.

"Nyama imaola, mtengo umaola, munthu amaola," anatero mkuluyo, "koma mlandu suwola."

Amayi ena anafuna kululutira, koma ataona nkhope ya Tinyade analeka. Iye anangoti, "Zimenezi amayi anga anazipempha atagwada, ali moyo." Kenaka anatola ndodo yake n'kumapita.

Ndiko kunachokera mwambi wakuti mlandu suwola. Tanthauzo lake n'lakuti ukalakwira munthu, kuzengereza sikufafaniza cholakwacho. Ungathawe, ungatseke pakamwa pa mboni, ungakalambe mpaka kufa, mlanduwo udzadikira, ndipo ukakusowa iwe udzagwira amene wawasiya. Koma musaumve ngati mwambi wotonthoza okha olakwiridwa. Mlandu suwola, inde, koma anthu oudikira amatha. Choncho mwana wa mnzako akavulala chifukwa cha kusasamala kwako, pita ukapepese ndi kulipa amake akadali ndi maso oonera.