Ngalande Yoyambira Kumsewu

Panali munthu wina m'dera lina la m'tauni lomangidwa pachitunda, kumene nyumba n'zothithikana moti utsi wa mbaula ya mnzako umakupeza kuchipinda. Munthuyu anabadwira momwemo. Nyumba yake inali kumtunda, m'mbali mwa msewu wa phula, ndipo dera lakelo ankalikonda zedi. Kondakitala wa minibasi akangoti, "Otsika pamatope, konzekani," iye ankatsika nkhope ili gwa.

M'deramo munali anthu a mitundu yonse. Kumtunda kunali eni malo akalekale, Ayao ndi Angoni amene makolo awo anafika magetsi asanabwere. Kumunsi, cha kukhwawa, kunali obwera pambuyo: Alomwe a lendi, Atumbuka odzafuna ntchito, Mburundi wina wa kagolosale, ndi mayi wina wa ku Nsanje amene onse ankamutchula amake Zuze. Mayiyu anathawa madzi osefukira kwawo. Anaumba yekha zidina, n'kumanga kanyumba kumapeto kwenikweni kwa kanjira kotsika. Mwamuna analibe. Kanyumbako ndi kamene anali nako padziko pano, iye ndi ana ake.

Chaka china bungwe lina linabweretsa thandizo lotukula deralo. Linapereka simenti ndi miyala yomangira ngalande, koma kukumba ndi kututa mchenga linati anthu achite okha. Anasankha mkulu uja kukhala wapampando wa komiti ya ntchitoyo, poti ndiye mbadwa. Simentiyo aliyense anaiona ndi maso ake kuti sikwana chitunda chonse.

Tsono tamverani. Ngalande amayambira kumunsi. Zimenezi sizifuna sukulu. Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa kuti umayamba wawapezera madzi kopita, ndiye n'kumakwera. Wapampandoyo ankadziwa bwino lomwe. Koma mtima wake unali pa anthu odutsa pamsewu, ndiponso pa akuluakulu a bungwe, amene galimoto zawo sizitsika kukhwawa. Msonkhano anauchititsa m'mawa wa pakati pa sabata, a kumunsi onse ali kumaganyu ndi kumsika, ndipo amene analipo anagwirizana zoyambira kumsewu.

Amake Zuze anamva nkhaniyi pochokera kogulitsa nsomba zouma. Anawapeza azibambo akukhoma zikhomo, dengu likali pamutu.

"Bambo wapampando, ndamva mukuyambira kuno. Nanga madziwo akafika pothera simenti, adzakhota okha?"

"Mayi, tiyambe takonza pooneka. Alendo akasangalala adzawonjezera thandizo, kenako tidzafika kwanuko."

"Mvula mwaiuza kuti idikire alendowo?"

Azibambo aja anaseka. Wina anati, "Inu a ku Nsanje si ndinu akatswiri osambira? Mukuopa chiyani?"

Wapampandoyo sanaseke. Anati, "Mwabwera liti kuno, mayi, kuti mutiphunzitse dera lathu?"

Mayiyo anangokonza dengu lake pamutu n'kutsika. Tsiku la chitukuko litafika, anabwera ndi ndowa yake monga wina aliyense. Mchenga womangira ngalandeyo unachokera kukhwawa komweko, ndipo amene anausenza pamutu ndi a kumunsi omwewo, kukwera nawo chitunda chonsecho.

Ngalande inatuluka yokongola, sindinama. Yosalala, yowongoka, m'mbali mwake atapaka laimu. Alendo anabwera, anaomba m'manja, anajambula zithunzi, anadya mpunga, napita. Palibe anafunsa kumene ikuthera. Inathera pakati pa chitunda, kuseri kwa mpanda wa munthu wina, pamene maso a kumsewu safika.

Kale mvula ikagwa, madzi ankangoyenda mwachisawawa, pakhomo pa uyu pang'ono, pa uyo pang'ono. Aliyense ankalandira matope ake n'kukolopa. Tsopano madzi a kumtunda konse anawasonkhanitsa pamodzi, anawasalazira njira, anawapatsa liwiro.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa masana. Kumtunda makonde anali ouma, anthu ataima pazitseko kuyamikira ntchito yawo. Madzi aja atatuluka pothera simenti sanafunse njira. Analowa m'kanjira kotsika, natsetsereka mpaka pakhoma la amake Zuze. Zidina n'dothi basi. Khomalo linagwera mkati, pamalo pomwe ana amagona, denga n'kutsatira. Mwayi wake anawo anali atabisala mvula pakagolosale ka Mburundi uja. Kupanda apo bwenzi kuli maliro.

Mayiyo sanalire, sanapite kukadandaula kwa munthu. Anafukula mphasa, mabulangete, mapoto ndi mbaula, anatenga ana ake, nakwera chitunda m'mbali mwa ngalande yomweyo. Atafika kwa wapampando anati, "Odi," nayala mphasa pakhonde loyang'ana kumsewu. Anamanga chingwe pansanamira, nayanika mabulangete odzaza matope. Kenako anakoleza mbaula.

Mkuluyo anatuluka. "Mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Madzi anu afika bwino kwathu, bambo. Alowa osaodira. Ife taodira."

"Tikambirana ku komiti. Pano ndi pakhomo pa munthu."

"Kujanso panali pakhomo pa munthu. Zuze, khala bwino, usawadetsere khoma."

Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza kuwathamangitsa. Amene anaseka tsiku lija onse anali atalowa m'nyumba zawo. Amene anatuluka ndi mkazi wake yekha. Ananyamula kamwana kakang'ono ka mayiyo kamene kankanjenjemera, nalowa nako mkati osamuyang'ana mwamuna wake.

Bungwe lija silinabwerenso. Amake Zuze anakhala pakhondepo mpaka mkuluyo ndi ana ake aamuna atawamangira nyumba ina ndi manja awo.

Tsono inu ana anga, ndi inunso akamwini, ndamva kuti kwathu kuno kukubwera thandizo la msewu ndi ngalande, ndipo ena mwa inu mwalowa mu komiti. Ndamvanso kale wina akuti a lendi asaitanidwe kumsonkhano poti ndi alendo. Ndatopa nako kulankhula kumeneku. Amene anakumba manda a bambo anu anali anyamata a kumunsi, ndipo amene anaphika masiku onse a maliro anali amayi awo, ena olankhula zinenero zimene ine sindimva. Inu mwaiwala. Ine sindinaiwale, ndipo sitinawabwezere.

Kukonda kwanu si tchimo. Koma kwanuko sikuthera pamene maso a odutsa athera. Musanakhome chikhomo choyamba, tsikani mukaime pakhomo lomaliza la kukhwawa, muyang'ane kumtunda, mufunse mwini khomolo kumene madzi amadzera. Mukakana, dziwiranitu: khonde langa ndi laling'ono, ndipo wobwera ndi mphasa yake ndidzamuperekeza ndekha mpaka pakhomo panu.