Mulungu Sathamanga, Ana Anga

Thenmozhi ankapeta mpunga pakhonde pamene Kanagam wa nyumba yoyandikana analowa osaodira, foni ili m'manja.

"Achemwali, ikani kaye lichero pansi. Kanema wa amuna anu uja atilawitsako. Taonani munthu uyu, simukumudziwa?"

Pafonipo panali nkhalamba yophunzitsa nkhondo ya ndodo, thaulo lili paphewa, ikutsokomola kawiri n'kuloza kumwamba. Zigawenga zitatulukira, inataya ndodo n'kuliyatsa liwiro ikukuwa kuti, "Pang'onopang'ono, ana anga, Mulungu sathamanga!"

Thenmozhi sanaseke. Chifuwacho, thaulolo, mawuwo, zonse zinali za bambo ake, a Muthaiya, amene akalambira pabwalo la kuseri kwa kachisi kwathu kuno ku Madurai, akuphunzitsa ana masewera a ndodo. Mawu amenewo ankawanena akatha kupemphera, kuti ana asapupulume n'kuvulazana. Chibadwire sanathawepo munthu.

Wolemba ndi kutsogolera kanemayo, wa nkhonya zosakaniza ndi nthabwala, anali mwamuna wake, Ilango. Anamulembera m'nyumba ya apongozi akewo, iwo akumuikira tiyi pawindo m'mawa uliwonse mwakachetechete, kuopa kumubalalitsa maganizo. Osadziwa kuti mlendo akuwawerenga mapazi.

Thenmozhi anaimbira foni mwamuna wake ku Chennai.

"Bambo a Kavin, chotsani gawo la nkhalambalo. Kanema sanatuluke, nthawi ilipo."

"Iwenso! Ndichotse pomwe pali mchere? Ojambula okha anaseka mpaka kugwetsa nyali. Dzina ndasintha, ndevu ndamumata, angadziwe ndani?"

"Kanagam wadziwa asanafike n'pakati pomwe."

"Kanagam amadziwa ngakhale zomwe mphaka walota. Bambo akondwa, uona. Safuna kutchuka ndani?"

"Mwawafunsa?"

"Ndili pa ntchito, mayi," anatero Ilango, n'kudula foni.

Kanema anatuluka pa chikondwerero cha Pongal. Anyamata anathira mkaka pachithunzi chachikulu cha katswiri wa kanemayo pomulemekeza, ng'oma zikulira, makombola akuphulika. Nkhonya anthu anaziombera m'manja ndithu, koma chomwe anatuluka nacho pakamwa ndi mawu a nkhalamba ija. Kondakitala ankawanena basi ikachedwa, amayi pamzere wa madzi chimodzimodzi. Ku Chennai Ilango anamuveka nkhata za maluwa mpaka khosi kusowa.

Kuno kwathu panalibe wofunsa kuti nkhalambayo ndani. Anyamata a njinga zamoto akaona a Muthaiya ankatsokomola kawiri n'kudutsa. Pabwalo, pemphero likatha, ana ankadzitseka pakamwa mapewa akugwedezeka. A Muthaiya anasiya kunena mawu awo aja. Kenako ana anayamba kuchepa mmodzimmodzi, pakuti ndani angapirire kunenedwa kusukulu kuti amaphunzira kwa mphunzitsi wothawa? A Muthaiya sanadandaulire munthu. Anangosintha njira yopitira kukachisi, n'kumadzera kokhota. Sekar wogulitsa tiyi yekha ndiye ankazimitsa wailesi akawaona, kuopa kuti ingatulutse mawu aja, n'kuwapatsa mpando wa mkati. Zoterezi Mulungu amaziona.

Ilango anabwera kumudzi ndi bokosi la maswiti, nkhata ili m'khosi. Mkazi wake sanalandire.

"Kaperekeni kubwalo," anatero. "Mukapezako ana ochuluka zedi."

Anapeza apongozi ake akusesa okhaokha, ndodo zili mtolo pakona, zomangidwa ndi chingwe. Bokosi lija linamulemera m'manja.

"Mwafika bwino, akamwini? Mwadya?" anafunsa a Muthaiya.

"Apongozi, ndamva zachitika. Mawa lomwe ndiuza anthu achotse gawo lija."

Mkuluyo anatsamira tsache. "M'kanema muchotsa. Nanga m'kamwa mwa ana muchotsa ndi lumo lanji?"

Ilango asanayankhe, kuseri kwa mpanda kunamveka chifuwa chabodza kawiri, kenako mawu aja mokuwa, ndi phokoso la mapazi othawa. Iye anali atawamva mawuwo m'nyumba za kanema anthu mazanamazana akufa n'kuseka. Anali asanawamvepo ali maso pankhope ya mwini wake. A Muthaiya anangoweramitsa mutu n'kupitiriza kusesa pomwe anasesa kale.

Akulu sananame, madzi akatayika saoleka. Ilango akanatha kuwagwira akadali mumtsuko, tsiku lomwe mkazi wake anaimba foni. Tsopano anali atalowa m'nthaka ya mzinda wonse, ndipo chotsala chinali chimodzi chokha. Anavula nkhata, anagwa chafufumimba pafumbi n'kugwira mapazi a apongozi ake. Sanalankhule monong'ona, anakweza mawu kuti a kuseri kwa mpanda ndi a pa tiyi amve.

"Bambo, munandipatsa pogona, ine ndinakubani ulemu n'kukaugulitsa. Wamantha si inu, ndine amene ndinaopa kukufunsani. Ndikhululukireni."