Mtsuko wa Mapale

Kalekale, njinga zisanafike kuno, kunali mudzi wina m'tsinde mwa phiri, uko kumtunda kwa Angoni. Nthaka yake inali ya miyala, chimanga chake chongolekeza m'mawondo. Koma kuseri kwa phirilo kunali mtapo, malo otapa dothi loumbira. Amayi a m'mudzimo ankaumba mitsuko, ankaumba miphika, ankaumba mbiya, amuna awo n'kumasenza kukasinthitsa ndi chimanga kumidzi ya kuchigwa. Tingoti mudzi wonsewo unkadya dothi.

M'mudzimo munali mtengwa wina dzina lake Nangozo. Kwawo kunali kutali, ndipo anachita kumulowola ndi ng'ombe. Mwamuna wake anali Yotamu, munthu wofatsa, ndipo ukwati wawo anadalitsira kutchalitchi. Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri, Dolika ndi Mwaiwathu. Nangozo sanali wolankhulalankhula. Koma akati ayi, inali ayi mpaka mawa.

Chaka china dzinja linabwera ndi ukali. Yotamu ananyowa kumunda, chibayo chinamugwira, ndipo sabata isanathe anthu anali kumanda. Mvula ikakuona litsiro sikata. M'dzinja lomwelo mbali ina ya phiri inagumuka n'kukwirira mtapo uja, miyala pamwamba pa miyala, moti ngakhale khasu silikanalowa.

Chilimwe chitafika, amayi anafunafuna mpaka anapeza mtapo wina m'mphepete mwa dambo. Dothi lake linali lofewa, lonona, lomvera dzanja. Mitsuko yake inkatuluka yosalala, yokongola, yoti mlendo aime n'kuyang'ana. Koma ikangolowa pamoto, phwaa. Anaumbanso, phwaa. Anaumba kachitatu, phwaa. Nkhokwe zinayamba kuonetsa pansi, ndipo amuna analibe chosenza kupita nacho kuchigwa.

Tsono Yotamu anali ndi mkulu wake, dzina lake Kamtedza, mwamuna wa mkazi mmodzi koma wa maso ambiri. Atameta maliro, Kamtedza anapita kwa Nangozo n'kumuuza kuti mwambo ndi mwambo, iye ndiye alowe chokolo, atenge mkazi wa mng'ono wake akhale mkazi wake wachiwiri. Nangozo anagwada mwaulemu, anamvetsera mpaka mawu atatha.

"Alamu," anatero, "ana a mng'ono wanu ndilera, manda ake ndisesa, inu ndikulemekezani mpaka imfa. Koma inu muli ndi mkazi, ndipo ine ndinalumbira pamaso pa Mulungu. Chokolo ayi."

Kamtedza anachoka nkhope ili gwaa. Ndipo mukudziwa inu mmene timachitira anthufe. Mbiya ikasweka pamoto sitifunsa dothi, timafunsa anthu. Ndani sanadike? Ndani waponda pamtapo ali wotentha, atagona ndi mwamuna? Ndani wakwiyitsa akumanda? Amayi anafunsana okhaokha, aliyense anakana. Pamenepo Kamtedza anayamba kuponya kamawu apa, kamawu apo, pamowa, pabwalo, panjira ya kumadzi. Ankati mzimu wa Yotamu wakwiya chifukwa mkazi wake wanyoza mwambo, ndipo mitsuko siidzaleka kusweka mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Anthu anjala sachedwa kukhulupirira.

Akuluakulu a banja anakhala pansi n'kugamula. Nangozo asankhe, alowe m'nyumba ya Kamtedza kapena abwerere kwawo. Koma akabwerera, apite yekha. Ng'ombe zinadyedwa kalekale, ndiye ana ndi a kuchimuna. Dolika ndi Mwaiwathu atsala.

Nangozo atamva zimenezi mtima unamupweteka koopsa. Kulowedwa chokolo sakanalola. Kusiya ana sakanathanso. Anapita kwa a Nanzunga, azakhali a malemu Yotamu, amene anali mkulu wa amayi onse oumba. A Nanzunga sanali munthu wankhanza, koma nawonso ankaopa njala ngati wina aliyense.

"Apongozi, mukuti dothi lakwiyira ine," anatero Nangozo. "Ndipatseni dothilo ndiumbe ndi manja anga omwewa. Mtsuko wanga ukatuluka pamoto wamphumphu, mudziwa kuti mzimu ulibe nane mlandu."

A Nanzunga anaganiza nthawi yaitali, kenaka anavomera, koma anaika malamulo. Amupatsa dengu limodzi la dothi, osaonjezera. Kumtapo asapondeko phazi. Ndipo mvula yoyamba ikagwa mtsuko wamphumphu palibe, atenge katundu wake azipita, anawo awasiye.

Nangozo anasenza dengu lija kupita nalo kwake. Anakanya dothi, anaumba mitsuko ingapo, anaikulungiza ndi mwala wa nkhulungo mpaka kuwala. Itauma anaiunjikira nkhuni ndi udzu n'kuyatsa. Moto usanafike n'pakati pomwe, phwaa, phwaa, yonse inatha. Anadikira phulusa lizizire, anatola mapale n'kukaunjika kuseri kwa nyumba. Kamtedza anadutsa akuimba mluzu, n'kumukumbutsa kuti kwake khomo n'lotsegula.

Anatenga dothi lotsala, anaumbanso. Ulendo uno anaumitsira m'nyumba, pamthunzi, mosafulumira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anasala kudya, anapemphera, anatola makungwa okhaokha kuti moto uyake pang'onopang'ono. Moto unayaka bwino, unafika pakati, unayamba kuzilala. Nangozo anayamba kupuma. Kenaka phwaa.

Tsiku limenelo analira. Musaganize kuti okhulupirira salira. Anakhala kuseri kwa nyumba dzuwa likuswa mtengo, n'kumuuza Mulungu zonse mosabisa. Anati munatenga mwamuna wanga, ndinakhala chete. Anati munakwirira mtapo, ndinakhala chete. Anati tsopano ana anga aleredwe ndi anthu ena ine ndili moyo? Anakwiya naye Mulungu, inde, anakwiya ndithu. Koma misozi itauma anapukuta kumaso ndi nsalu, n'kunena kuti, "Komabe kwina kogwira ndilibe. Ndigwira Inu nomwe, ndipo sinditaya."

Nyenje zinayamba kulira m'mitengo, kutentha kunakula, mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. M'dengu munatsala dothi longa kadzungu kakang'ono, losakwana ngakhale mimba ya mtsuko, osanena za khosi. Nangozo anapita kukapempha lina. A Nanzunga anayang'ana kumbali n'kunena kuti pangano ndi pangano. Pobwerera anaima pamphambano, pamene njira ya kudambo imapatukira. Kunalibe munthu. Akanatha kutsetsereka, kutapa pang'ono, kubisa m'nsalu. Anaima, anaima, anaima, kenaka anati ana anga sindiwaombola ndi dothi lakuba. Anapita kunyumba.

Atafika anakhala kuseri kuja, maso ali pa mulu wa mapale. Umenewo ndiwo unali thukuta lake lonse, mapemphero ake onse, manyazi ake onse. Anatola phale limodzi, analitembenuza, analitembenuzanso. Sikuti anadziwa kanthu, ayi. Ankangofuna chochulukitsira dothi lake basi.

"Nawenso unali dothi," anatero. "Anandiletsa kumtapo, sanandiletse kuseri kwa nyumba yanga."

Anatulutsa mtondo wakale wong'ambika m'mbali, anathiramo mapale, anagwira munsi. Posinjapo ankaimba:

Sinja, sinja, munsi wanga,
chosweka sichinathe.
Mwini dothi sanagone,
chosweka sichinathe.

Amayi opita kumadzi anaima n'kusuzumira. Wina anati njala yamuzunguza mutu, akufuna kuphikira ana mapale. Wina anati chisoni chikakula chimatero. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo madzulo ake mudzi wonse unali utamva kuti Nangozo wapenga. Iye anangopitiriza. Anasinja, anapera pamphero, anapeta m'lichero, mpaka mapale onse anasanduka ngati mchenga wofiira. Anausakaniza ndi kadothi kaja n'kukanya. Unkakanda m'manja, unang'amba zala, magazi anatuluka, koma dothi linachuluka n'kukwana mtsuko umodzi.

Za kukongola tisanamizane. Mtsukowo unali wokhakhala ngati msana wa mng'azi. Nkhulungo inayesa, inalephera. Khosi lake linali lopendekeka pang'ono. Amene anauona ukuuma pakhonde anapukusa mutu, ena anamumvera chisoni, ena anapita kukauza Kamtedza kuti ayambe kufulula mowa.

Tsiku lootcha linafika kumwamba kutada bii, mphepo ikununkha mvula. Mudzi wonse unasonkhana. Kamtedza anabwera atasamba, atadzola, atavala jekete pa kutentha konseko. A Nanzunga anakhala pamphasa atagwira Dolika dzanja ili, Mwaiwathu dzanja ilo. Nangozo anatuluka m'nyumba ndi mtsuko wake, anatulukanso ndi phukusi la zovala zake lomangamanga, analiika pansi pambali pake. A Nanzunga anamufunsa ngati wagonja kale moto usanayake.

"Sindinagonje, apongozi," anayankha. "Koma Mulungu sindimulamula. Mtsukowu ukapulumuka, Iye ndi wabwino. Ukasweka, Iye ndi wabwinobe, ndipo kumene ndipiteko adzandionetsa njira yobwerera kwa ana anga. Chokolo chokha ayi."

Anaunjika makungwa, anafunditsa udzu, anayatsa. Moto unakwera. Anthu anatchera makutu kudikira phokoso lija analizolowera. Moto unafika pakati, zii. Moto unayamba kuzilala, zii. Moto unasanduka makala, zii. Nangozo anali chigwadire, maso ali pa ana ake osati pamoto. Phulusa litazizira anatenga ndodo n'kupalasa pang'onopang'ono. Khosi lopendekeka lija linatulukira, kenaka mimba, kenaka thako lake, zonse zili pamodzi.

A Nanzunga anadzuka okha, anaunyamula, anauzunguza, anauyang'ana mkati. Anaugogoda ndi chala, unalira ngwee. Anaitanitsa madzi n'kuthiramo mpaka kukamwa. Anadikira, anapisa dzanja pansi pake, panali pouma.

Kamtedza anayamba kutokota kuti pamenepa pali mankhwala, munthu wamba sangachite zimenezi, aulule chimene wathiramo. A Nanzunga anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kukhala pansi. Kenaka anatembenukira kwa Nangozo n'kumufunsa mofatsa chimene anaika m'dothimo.

"Mitsuko yanga yosweka ija, apongozi. Ndinalibe china."

A Nanzunga anaganiza za mtapo wakale, mmene dothi lake linkakandira m'manja, ndi dothi latsopanoli, kusalala kwake konse kuja. Anazindikira kuti chimene chinkasowa m'dothi latsopanolo chinali chokhakhala basi, ndipo manyazi anawagwira.

"Ndiye kuti mwana wathu Yotamu tamunamizira ali m'manda," anatero. "Ndipo iwe tikanakulanda ana chifukwa cha dothi."

Anapita pamene panaima ana aja, anawagwira pamapewa n'kuwakankhira kutsogolo. "Pitani kwa amanu. Pano ndi pawo."

Dolika ndi Mwaiwathu anathamanga. Nangozo anawakumbatira onse awiri, mmodzi uku mmodzi uku, ndipo apa ndi pamene analira mokweza, kulira kwa chimwemwe, osasamala kuti mudzi ukuona. Madontho oyamba a mvula anawapeza ali chikumbatiranecho. A Nanzunga anawerama ndi msana wawo wokalambawo, anatola phukusi lija, analisenza okha n'kukalilowetsa m'nyumba ya Nangozo.

Mvula itakata, amayi omwe ankaseka aja anaoneka kudzala atagwada, akutola mapale amene anataya chilimwe chonse. Mitondo inalira m'mudzi monse, ndipo amuna anayambanso kutsetserekera kuchigwa ndi mitsuko pamutu. Chaka chimenecho panalibe mwana amene anafa ndi njala.

Mwamva, inu nonse mwakhala apa? Mulungu sanamubwezere Nangozo mwamuna wake. Sanafukule mtapo wakale. Mitsuko imene inasweka sanailumikize. Koma palibe phale limodzi limene analitaya. Zimene zinamuliza n'zomwezo zimene anazikanyira m'dothi, n'kulimbitsa nazo mtsuko umene unamusungira ana ake ndi kudyetsa mudzi wonse. Tsono zikakuswekerani, lirani, poti kulira si tchimo. Koma musagulitse chikhulupiriro chanu chifukwa cha mantha, ndipo musataye dzanja la Mulungu, pakuti Iye amadziwa kuumba ndi zosweka zomwe.

Nthano yanga yaphulidwa pamoto ili yamphumphu. Amene ali ndi ludzu atunge, ine ndalekeza pompa.