Chinsalu cha Pakhomo la Tenti

Tsiku limene lole ya chiponde inafika pa ofesi ya bungwe, mayi Liwiro anavina pakhonde mpaka nsapato kuvuka. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti mayiwa kuyenda sankakudziwa, kwawo kunali kuthamanga basi. Ndiwo ankayang'anira ntchito yothandiza ana operewera zakudya m'thupi, ndiwonso analemba lipoti limene linagwetsa misozi anthu akunja mpaka kutumiza makatoni onsewo.

"Abale inu, zatheka!" anakuwa akusisita katoni. Mumtima ankaganiza za mwana mmodzi, kamtsikana ka mchimwene wawo, komwe tsitsi linali litayamba kufiira, timapazi tikutupa.

Anaitanitsa chinsalu chachikulu choti akapachike pakhomo la tenti yogawiramo. Mawu ake anangowatapa mulipoti muja: "Thandizo la ana onyentchera a mabanja osaukitsitsa." Namwino, mnzawo wa kalekale, atawerenga anagwira pakamwa.

"Asisi, mawu awa munalembera eni ndalama. Ndiye mukufuna mayi alowe pansi pake, msika wonse ukuona?"

"Aaa, inunso! Mawu amadyedwa? Nanga ndanama pamenepa? Komanso alendo akabwera kudzajambula, aone kuti katundu wafika kwa eni ake."

Kutacha, tenti inaima pafupi ndi msika, sikelo italendewera, galimoto ya chimkuzamawu ikuzungulira m'misewu n'kumabwereza mawu omwe aja. Anthu anabwera, inde, koma anaima tsidya la msewu, manja ali m'chiuno. Mayi wina wobereka mwana anafika pafupi, n'kukweza maso, kenako anakhota ngati wabwerera tomato. Amuna a pamsika anaseka chikhakhali. "Tiyeni tione, wosaukitsitsa wathu ndani lero!" Dzuwa linapendeka makatoni ali chitsekere.

Mayi Liwiro mtima unawawa. Anathamangira kwa mchimwene wawo, n'kupeza mlamu wawo akuchapa, mwana ali gone pamkeka.

"Alamu, chimkuzamawu simunachimve?"

"Ndachimva mpaka makutu kuwawa," anayankha mlamuyo osaleka kufikisa. "Ine makina anga osokera ali pamsika pomwepo. Ndilowe pansi pa chinsalu chija kuti mawa azindilozerana kuti uyo walephera kudyetsa mwana? Achimwene anu aziyenda bwanji mumsewu? Inuyo mukanakhala ine, mukanalowa?"

Mayi Liwiro anayandikira pamkeka paja. Anawerama n'kunyamula mwana uja, ndipo mwanayo anapepuka ngati mtolo wa zochapa. Sanalire, sanasekerere, anangoyang'ana azakhali ake ndi maso otopa. Apa ndiye mantha anawagwira mayiwo, pozindikira kuti chakudya chopulumutsa mwanayu chili m'makatoni, koma amene watseka pakhomo ndi iwo eni.

Anabwerera chothamanga, n'kukwera pampando, chinsalu chija n'kuchigwetsa okha. "Asisi, musandiseke, bweretsani penti!" anauza namwino. Awiriwo anachitembenuza n'kulemba kuseri kwake: "Mwana aliyense abwere kusikelo, tione mmene akukulira." Wa galimoto anamuuza kuti mawu akale aja asawatchulenso ngakhale kutulo.

Mmawa mwake mayi Liwiro anafika atabereka mdzukulu wawo, chimwana chonenepa cha masaya ngati mabanzi, n'kuima woyamba pamzere. Namwino naye anabwera ndi wake. Mkazi wa mwini golosale ataona, anati wake sangatsale. Posakhalitsa mzere unakhota mpaka kuseri kwa msika! Amayi akuseka, ana akulira pasikelo, wina akunyadira kuti wake waposa wa mnzake. Amene ankafunika chiponde ankalandirira mkati, mwakachetechete, n'kutuluka ngati wina aliyense. Amuna a dzulo aja anasowa womuloza, ena mpaka anathamangira kunyumba kukauza akazi awo.

Pakati pa mzerewo mayi Liwiro anaona mlamu wawo, atavala diresi yake yabwino, mutu uli m'mwamba. Anafuna kulumpha, koma anadzigwira. Nthawi yawo itakwana, namwino anadina phazi la mwana wa mlamuyo ndi chala, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Uyu chiponde chokha sichikwana, apite kuchipatala lero lomwe," anatero chapansipansi. "Mukanachedwa pang'ono, tikananena zina."

Galimoto yomwe ija ya chimkuzamawu ndi imene inawanyamula. Mwanayo anagonekedwa, azakhali ake osasowa pambali pa bedi, mpaka kutupa kunaphwa. Tsiku limene anatuluka anali atakakamira paketi ya chiponde, kumaso konse kuli mbuu, ndipo azakhali atayerekeza kupempha, anawakankha dzanja n'kukuwa. Mayi Liwiro analira ndi chimwemwe pamaso pa anthu.

"Mwaona, alamu?" anatero mlamu uja akuseka. "Paja ndinamva kuti munkati mawu sadyedwa. Aja oyamba aja anatsala pang'ono kutidyera mwana."

Chiponde chinali chomwecho, tenti yomweyo, amayi omwewo. Chinasintha ndi kuitana kwake. Akuluakulu sananame: mawu okoma ndi kamba, mawu oipa ndi ndulu.